Chaka Chimene Ng'ombe Zinavala Ndolo

Kwathu kuno, kumtunda kwa msewu wopita ku Tsangano, zaka timazitchula ndi zimene zinatichitikira. Chaka chija ena amati cha njala ya madeya, koma ife a m'mudzi muno timati chaka cha ndolo, poti ndi chaka chimene ng'ombe zinavala ndolo zachikasu m'makutu. Ine ndine Ndau, mlimi wa chimanga ndi mbatatesi. Anthu amandidziwa kuti chinthu chaulere sindichilandira ndisanachitembenuze kuti ndione kunsi kwake, ndipo khalidwe limeneli sindinalisiye.

M'khola mwanga munali ng'ombe ziwiri zazikazi, zonse zili ndi bere. Ina inali Nkhunda, yotuwa, yofatsa, yotsala yokhayo pa ng'ombe zonse za malemu bambo anga. Zinzake zinatha ndi matenda, maliro ndi akuba. Inayo inali Shuga, ya Che Amidu, mwini golosale ku Lizulu. Iwo busa analibe, ndiye anaikiza kwa ine monga timachitira kuno: wosunga amamwa mkaka ndi kutenga ndowe, koma ng'ombe ndi ana ake ndi za mwiniwake. Chimene ndinkafuna chaka chimenecho chinali chimodzi, kuti Nkhunda ibereke, khola la bambo liyambirenso.

Okutobala

Zokolola za chaka cham'mbuyo zinali zochepa, moti pofika mwezi uno nkhokwe zambiri zinali zikuonetsa kale pansi. Dambo linali litauma mpaka kung'aluka. Ndi nthawi imeneyi pamene kunabwera galimoto yoyera pa dibi, posambitsira ng'ombe paja, n'kuitanitsa aliyense wokhala ndi ng'ombe. Wolankhula anali mlangizi wamkazi, Mayi Tiyamike, wachitsikana ndithu, wovala jombo zatsopano.

"Ng'ombe ikamabzikula imageya," anatero. "Mpweya umene imageyawo umakwera kumwamba n'kumatenthetsa dziko, ndipo ndi chimodzi mwa zinthu zimene zikusokoneza mvula. Ife tabwera ndi ufa wa masamba a mitengo, makoko a mthethe ndi adyo. Tikufuna tione ngati ungachepetse mpweyawo."

A Jere, mnansi wanga wa kuseri kwa nyumba, munthu wosasowa chonena, anaimika dzanja.

"Pepani mayi. Ng'ombe za agogo athu zinkadzaza phiri lonseli, zikugeya mmene zingathere, mvula n'kumagwa mpaka kukokolola milatho. Lero tatsala ndi ting'ombe towerengeka, ndiye mvula taimanga ndi ife?"

Anthu anaseka, mayiyo nayenso anaseka. Anavomera kuti si ng'ombe zathu zimene zaononga dziko, iwo akungofuna kuyesa ufawo pa ng'ombe za kumudzi. Khola lililonse lisankhe ng'ombe imodzi. Aiveka ndolo ya nambala, mwezi ndi mwezi izilandira thumba la madeya osakaniza ndi ufa uja, ndipo iwo azibwera kudzayeza mpweya wake. Kulipira ayi.

Mawu akuti kulipira ayi ndi amene anandilasa. Galimoto itapita tinatsala pa dibipo amuna okhaokha, aliyense akuyang'ana pansi. Munthu wanzeru zake angapatse ng'ombe madeya m'chaka chimene anthu akuwasowa? Wina anati ng'ombe ikavala nambala yawo ndiye kuti yasanduka yawo, tikakolola kubwera lole kudzatenga. Wina anati nanga tikakana, si ndiye kuti dzina la mudzi wathu lichotsedwa chimanga cha chithandizo chikabwera? Tinazungulira pamenepo mpaka dzuwa kupendeka.

Nzeru inachokera kwa a Jere. "Amuna anzanga, kodi iwo akudziwa ng'ombe ya yani ndi iti? Tiwapatse zoikiza. Lole ikabwera, tidzalira limodzi ndi eni ake."

Tinauona kuti ndi mutu weniweni. Pafupifupi khola lililonse kuno lili ndi ng'ombe ya mlamu wa kutsidya ku Mozambiki, ya m'bale wa m'tauni kapena ya mnzako wa pamsika. Tsiku loveka ndolo, ine ndinakoka Shuga, Nkhunda n'kuisiya yomangirira kuseri kwa nthochi.

Mkazi wanga Nangozo anangondifunsa funso limodzi: "Che Amidu mwawauza?"

Ndinawauza ndithu, nditapita ku Lizulu ndi mbatatesi zotsiriza. Ndinati kwabwera chithandizo cha ng'ombe ndipo Shuga yalowa nawo. Iwo anali otanganidwa ndi kuyeza mchere. "Muli nayo ndinu, achimwene. Chitani chimene mwachiona," anatero. Zambiri sanafunse, inenso sindinaonjeze.

Novembala

Mvula inagwa kamodzi, yamphamvu, tonse n'kuthamangira kumunda. Chimanga chitangotulutsa masamba awiri, kumwamba kunayera mbee. Dzuwa linaotcha mpaka mbewu zinapota ngati fodya.

Thumba loyamba linali litafika. Madeya ake anali abwino, oyera, koma osakanikirana ndi ufa wobiriwira wonunkha adyo. Shuga inayamba yanyinyirika, kenaka inazolowera moti ikangomva kulira kwa beseni inkabwera yothamanga. Mayi Tiyamike anabwera ndi kachipangizo konga tochi, n'kumaloza pamphuno pa ng'ombe. Kadontho kofiira kankaoneka pamphunopo, iwo akuwerenga zimene kachipangizoko kakunena. Ana ankasangalala, akuluakulu tinkangoyang'anizana.

Sabata isanathe, nkhani inali itamveka midzi yonse kuti mvula yamangidwa ndi anthu a ndolo. Ndipo ponena zoona, mfundo yake inali yomveka. Si iwo omwe ananena ndi pakamwa pawo kuti mpweya wa ng'ombe umakhudza mvula? Asintha mpweyawo, mvula yaleka. Ena ankati kachipangizo kaja kamayamwa mpweya n'kukaugulitsa kunja. Mayi wina wogulitsa tomato ku Lizulu analumbira kuti kutsidya ng'ombe zodya ufa womwewu zonse zinataya bere. Mudzi wake sankaudziwa dzina, koma ankalumbira ndithu.

Imeneyi ndiyo inandigwira mtima. Madzulo alionse ndikaikira Shuga beseni, Nkhunda inkatambasula khosi, mphuno zikunjenjemera. Ine ndinkaima pakati ndi ndodo. Ikayandikira ndinkaimenya pamphuno, osati mwankhanza, kungoti ibwerere. Inkabwerera n'kukaima pakona ikundiyang'ana.

"Taipatsaniko ngakhale chikho chimodzi," ankatero Nangozo.

"Kuti itaye bere? Iyi ndi ng'ombe ya bambo. Si yoyeserapo mankhwala a anthu."

Disembala

Tinabzalanso ndi mbewu yopempha. Msipu kunalibe. Ng'ombe za midzi itatu zinkakumana m'dambo limodzi n'kumanyambita fumbi. Nkhunda ndinkaidulira mitengo ya nthochi ndi masamba a mkuyu, koma ng'ombe ya bere siikhuta ndi zimenezo. Nthiti zinayamba kuwerengeka, m'chiuno mukutuluka mafupa.

Shuga inali ikunyezimira. Ubweya wake unagona bwino, khosi linadzaza. Munthu wina akanaona pamenepo kuti ufawo si woipa, koma ife tinaona zina. A Jere anatsamira pa khola langa tsiku lina n'kupukusa mutu.

"Mukuona, a Ndau? Akuzinenepetsa. Inu munaonapo munthu akunenepetsa nkhuku ya mwini? Lole ikubwera iyi."

Ndinavomera, mtima n'kukhala m'malo kuti ndinachita bwino kubisa Nkhunda.

Ku Lizulu chimanga chinkabwera pa njinga kuchokera kutsidya, ndipo mtengo wa m'mawa sunali wa masana. Mbale zoyezera zinali zitamenyedwa kunsi kuti zilowe pang'ono, wogula ukadandaula ankangokuuza kuti pita ukagule kwina. Kunyumba tinayamba kudya kamodzi pa tsiku. Pa Khirisimasi tinapemphera, tinaimba, potuluka aliyense analunjika kwake mofulumira kuopa kuti wina angamutsatire.

Chimene chinkandiwawa kwambiri chinali thumba lija. Linkakhala pakona m'nyumba, madeya oyera bwino, ana anga akugona ndi njala pambali pake. Kulikhudza tinkaopa, poti kunamveka kuti mwamuna akadya ufawo mphamvu za m'nyumba zimatha, mtsikana akadya sadzabereka.

Januwale

Mvula inabwerera mwaukali, yozizira, ya masiku osaona dzuwa. Msipu unaphuka, koma msipu wanthete umatsegula m'mimba ng'ombe yofooka. Nkhunda inkadya n'kumangotaya. Poyenda miyendo yakumbuyo inkagundana.

Shuga inabereka thole lalikazi, lonenepa, loimirira tsiku lomwelo. Mkaka unali wochuluka moti mwana sankaumaliza. Mwa mwambo mkakawo unali wathu, koma ine ndinati tiyambe taona. Ndinkakama n'kupatsa galu, kenaka n'kumamuyang'anitsitsa tsiku lonse ngati adzandire. Galuyo sanadzandire. Ananenepa, mpaka anthu odutsa ankafunsa kuti pakhomo pano tikudya chiyani.

Mwana wathu wamng'ono, Esinala, anali atayamba kutupa mapazi. M'mawa wina ndikuchokera kumunda ndinapeza chipata cha khola chili chotsekula. Kwathu kwa Angoni mkazi salowa m'khola kukakama, ndipo Nangozo pa zaka zonse za ukwati wathu anali asanapondemo. Tsiku limenelo ndinamupeza atagwada pansi pa Shuga, chitenje chili matope okhaokha, akukamira mu poto.

"Nangozo, mukutani m'khola?"

Sanatembenuke n'komwe. "Galu wakhuta, bambo. Tsopano ndi nthawi ya ana."

"Nanga zimene akunena anthu zija? Mwanayu akadzapanda kubereka?"

"Kuti adzabereke ayambe wakula."

Anauwiritsa mkakawo, ana anamwa, ine ndinakana. Masiku otsatira ndinkamuyang'ana Esinala monga ndinkayang'anira galu uja. Mapazi anaphwa, anayambanso kusewera panja.

Febuluwale

Uwu ndiwo mwezi umene sindifuna kuukumbukira. Anthu ankadya nkhwani wopanda nsima, ena nthochi zosakhwima zophika. Maliro ankachitika mwakachetechete, opanda chakudya. Pamsika madeya enieniwo anasanduka chakudya cha anthu olemera.

Tsiku lina ndinapita kwa a Jere kukabwereka nkhwangwa, n'kuwapeza kuseri kwa nyumba akusefa thumba la ng'ombe ya mlamu wawo. Ufa wobiriwira unkagwera pansi, madeya n'kutsala m'sefa, ngakhale kuti kubiriwira sikunkatheratu.

"A Jere, si inu munkati ufawu umatha mphamvu?"

"Mphamvu zake ziti, a Ndau? Zinatha kale ndi njala."

"Nanga kugeya mukugeya?"

"Ndasiya. Mvula ikavutanso mudziwe kuti ndine."

Tinaseka mpaka kukhala pansi, kuseka kwa anthu anjala, kopweteka m'nthiti. Koma pobwerera kunyumba mtima wanga unali wolemera. Munthu amene anatipatsa nzeru ija anali akudya ufawo ndi banja lake lonse, ndipo palibe chinawachitikira.

Mayi Tiyamike atabwera kudzayeza, Nangozo sanadikire kuti ine ndilankhule. Anawagwadira n'kupempha kuti aveke ndolo Nkhunda. Mayiyo anaiyang'ana ng'ombeyo nthawi yaitali, kenaka anayang'ana ine.

"Bambo Ndau, iyi ndi yanu?"

"Ndi yanga."

"Nanga ya ndoloyi?"

"Ndi yoikiza."

Anapuma mozama. "Khola lililonse ndikumva zomwezi. Ine ndinkadabwa kuti bwanji anthu akusiya ng'ombe zofooka n'kundipatsa zamphamvu. Kusintha pakati sindingathe, akuluakulu anga sangalole." Anatseka chikwama chake, ndipo akukwera galimoto ananena motsitsa mawu: "Koma thumba likalowa m'nyumba mwanu, ine sindiona beseni limene mwathiramo."

Madzulo amenewo ndinathira mabeseni awiri. Nkhunda itaona ndikubwera inabwerera m'mbuyo n'kukaima pakona pake paja. Inali itaphunzira kuti fungo la adyo limabwera ndi ndodo. Ndinaika beseni pansi, ndodo n'kuiponya kunja kwa khola, koma inangondiyang'ana. Mpaka ndinachita kutuluka n'kukabisala kuseri kwa nthochi, ndi pamene inayandikira n'kunyambita pang'ono. Ndinalira pamenepo, ndisabise.

Inadya masiku ochepa chabe. Kenaka nthawi yake yobereka inakwana, mphamvu zokankhira n'kusowa. Tinathandizana ndi a Jere kukoka, mwana anatuluka wakufa, wamng'ono ngati mbuzi. Nkhunda inagona osadzukanso. Tinaikweza ndi mitengo ndi masaka pamimba, tikaisiya inkangogwa. Tinayesa mawa lake ndi mkuja, osatheka.

Ine mutu unali utazungulira. "Ndi ufa uja," ndinatero. "Ndinanena ine. Yangodya masiku ochepa, taonani."

Nangozo anali ataima pachipata. Sanakweze mawu. "Si ufa, bambo. Ndi ndodo yanu."

Kunalibe kuchitira mwina koma kuipha isanafe yokha. Makolo athu khola ankalitcha chibaya, ndipo ng'ombe ya malemu siichoka m'chibaya mwiniwake osauzidwa. Ndinavula chipewa, ndinaima pachipata n'kuwauza bambo kuti ng'ombe yawo yotsiriza ikupita, atikhululukire, ana ali ndi njala. Mawu ena amene amanenedwa pamenepo anandithawa. Nyama yake inali yofiira, yopanda mafuta ndi pang'ono pomwe, ndipo anthu ankasinthitsa ndi chimanga monyinyirika. Chimene tinapeza chinatifikitsa kumayambiriro kwa mwezi wotsatira, basi.

Malichi

Maungu anayamba kupsa, kenaka chimanga chachiwisi. Anthu anayambanso kupatsana moni wautali panjira. Koma mimba zitangokhala pansi, mantha a lole anadzukanso. Kunamveka kuti yaoneka ku Tsangano, yaitali, ya matayala ambiri. Ena anathawitsira ng'ombe za ndolo kutsidya. A Jere anadula ndolo ndi mpeni, n'kudula ndi khutu lomwe, moti ng'ombe ya mlamu wawo mpaka lero ili ndi khutu limodzi ndi theka.

Ine sindinabise Shuga. Mumtima ndinkafuna loleyo ibwere. Ndikanena zoona, ndinkaidikira ngati mvula. Ikanabwera n'kutenga Shuga, bwenzi ndikuuza Nangozo kuti mwaona, Nkhunda inafa koma inafera pakhomo, sinatengedwe ndi anthu. Galimoto iliyonse yaikulu ikamveka kumsewu ndinkaimika khasu n'kutchera khutu.

Meyi

Tinakolola zochepa, koma zoposa chaka cham'mbuyo. Anthu a ndolo anaitanitsanso msonkhano pa dibi. Mayi Tiyamike, jombo zawo zitang'ambika tsopano, anati mpweya uja unachepako ndithu, koma ayenera kukayesanso kwina asananene zambiri. Anathokoza, anati ntchito yatha.

"Nanga ng'ombezi?" anafunsa a Jere.

"Ng'ombe zatani, bambo?"

"Simutenga?"

"Titengerenji? Ndi zanu." Anaima pang'ono, n'kuonjeza: "Kapena ndinene kuti ndi za eni ake."

Palibe anaseka. Galimoto inapita, fumbi linakhazikika, ife tili chiimire ngati anthu amene basi yawasiya.

Eni ake anayamba kubwera mmodzimmodzi kudzaona ng'ombe zawo, atamva kuti kumudzi kuno ng'ombe zambiri zafa. Che Amidu anafika pa galimoto Loweruka lina atavala mkanjo woyera ndi kofia, ali ndi ana awo aamuna. Mwana wawo wamkazi anali pafupi kukwatiwa, ndiye anafuna kutenga Shuga ndi thole lake. Ataiona anagwira pakamwa. Anaizungulira, anaisisita pamsana, anagwira ndolo ija n'kuwerenga nambala.

"Nanga yanu ija, yotuwa ija, ili kuti?"

"Inatisiya mu Febuluwale."

Anthu anali atasonkhana, monga amachitira mlendo wa galimoto akafika. Mmodzi wa iwo, sindikudziwa ngati anali ndi cholinga chabwino kapena ayi, anafotokoza kuti chakudya chija ankalola ng'ombe imodzi yokha pa khola.

Che Amidu anatembenuka pang'onopang'ono. Mumtima ndinati basi, azindikira, ndipo ndinakonzeka kutukwanidwa. M'malo mwake anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri, misozi ili m'maso.

"Abale anga, tamverani," anatero mokweza. "Ine ndagulitsa malonda moyo wanga wonse, anthu ndawaona. Munthu uyu anali ndi ng'ombe ziwiri, yake ndi yanga, chakudya cha imodzi. Anamana yake, ya bambo ake, n'kupatsa yanga. Yake yafa. Ine Msilamu, iye Mkhristu. Anthu otere atsala angati?"

Pa anthu onse amene anaima pamenepo panalibe ndi mmodzi yemwe wosadziwa chimene chinachitika, poti onse anachita zomwezo. A Jere anayang'ana kumwamba ngati akufuna mvula mu Meyi. Nangozo anandiyang'ana kamodzi kokha, n'kulowa m'nyumba kukatenga madzi a alendo. Ine ndinati zikomo, Che Amidu, ndi Mulungu. Ndinawathandiza kukweza Shuga ndi thole lake pa galimoto, n'kutseka chipata cha khola lopanda kanthu.

Za ufa uja mpaka lero sindinakhutire. Mpweya anayeza uja anapita nawo kuti? Anapindula chiyani? Munthu sangachoke kutali ndi madeya aulere popanda chimene akufuna, pamenepo ndiye ine simungandisinthe. Nangozo ndikayamba nkhani imeneyi amangonyamuka kukaona ntchito zina.

Che Amidu nkhani ija anaifalitsa Lizulu yense. Aliyense wogula sopo kapena mchere ankamva za mlimi wa ku Tsangano amene anapha ng'ombe yake posunga ya mnzake. Mvula yotsatira isanagwe, anthu anayamba kufika pakhomo ndi zingwe m'manja: aphunzitsi, ogulitsa nsalu, ngakhale mkulu wina wa kutsidya amene sindinamuonepo. Onse ankati tamva mbiri yanu, a Ndau, tisungireni.

Lero khola la bambo ndi lodzaza, moti ndinachita kulikuza. Madzulo ndimaima pachipata n'kumazimva zikubzikula, zikugeya mmene zikufunira. Yanga mulibemo.